ZA OCEMERERA MPIRA A MITUNDU IWIRI

Kwathu kumudzi munthu akaona kuti munda wamkulira, amafulula mowa naitana anansi ace kuti adzamthandize kulima. Mowa wotere timaucha dima. Tsono pa tsiku la dima pamaoneka anthu a mitundu iwiri. Alipo amene amalawira mame asanaume, makasu ali pa phewa, nalima kufikira dzuwa litafika paliombo. Aliponso ena amene amafika mitsuko itatuluka kale m'nyumba, zikhato zao ziri zosalala ndi malaya ao ali oyera. Koma pa kumwa ndi pa kuimba iwo ndiwo amakweza mau koposa olima aja. Mlendo wodutsa m'njira sangathe kuwasiyanitsa, pakuti onse alikukondwa pamodzi. Koma mwini munda awadziwa bwino, ndipo caka ca njala, pamene mulibe cimera m'nkhokwe, adziwa amene angawaitane.

Ndakumbukira za dima polingalira za anthu ocemerera mpira, amene m'matauni timawacha masapota. Iwonso ali a mitundu iwiri yomweyi. Wina ali ndi timu yace imene anaikonda kale-kale, ndipo akhala nayo pa mvula ndi pa dzuwa. Wina ayamba wafunsa kuti, "Kodi imene ilikupambana caka cino ndi iti?" ndipo akamva dzina lace, yomweyo ndiyo yace. Ena adzati nkhani iyi njacabe popeza mpira ndi masewera. Ine ndikana, cifukwa matimu athu amakhala moyo kapena kufa monga mwa mtundu wa anthu amene ali pambuyo pao, ndiponso cifukwa ana athu amaphunzira pa bwalo la mpira makhalidwe amene adzapita nao ku ukwati, ku nchito ndi ku mudzi.

Libreville kawiri

Pa 27 April, 1993, ndeke imene inanyamula timu ya dziko lathu pa ulendo wa ku Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka pa Libreville, m'dziko la Gabon. Anthu onse 30 amene analimo anafa, ndipo 18 mwa iwo anali osewera. Pamodzi nao panapita Efford Chabala, mlonda wa pa golo, ndi aphunzitsi ao Godfrey Chitalu ndi Alex Chola. Tinawaika pafupi ndi bwalo la Independence mu Lusaka. Anthu amene analira maliro amenewo sanataye timu yao. Anaima pambuyo pa anyamata atsopano amene anasonkhanitsidwa mofulumira, otsogozedwa ndi Kalusha Bwalya amene sanali m'ndekemo popeza analikusewera ku Holland, ndipo caka cotsatira, mu 1994, anyamatawo anafika pa masewera omaliza a Cikho ca Afrika ku Tunisia, kumene Nigeria anawagonjetsa 2 kwa 1. Pambuyo pace panapita zaka 18 za kuyembekeza, zina za ciyembekezo ndi zina za manyazi okha-okha.

Ndipo pa 12 February, 2012, mu mzinda womwewo wa Libreville, Chipolopolo anakomana ndi Ivory Coast ya Didier Drogba. Masewera anatha popanda cigoli, ndipo pa mapenate tinapambana 8 kwa 7, Stoppila Sunzu ndiye anamenya lomaliza. Usiku umenewo panalibe munthu m'Zambia muno amene sanali wokonda mpira. Akulu amene sanapondepo pa bwalo anavina m'miseu, ndipo amai amene masiku onse amadandaula kuti amuna ao amathera nthawi pa wailesi analuluta kufikira mau atasasa. Sindiwadzudzula iai, pakuti cimwemwe ca dziko ndi ca eni dziko onse. Cimene ndifuna kuti owerenga aone ndi cimene cinatsatira. Mu 2013 ndi mu 2015 timu yathu inabwerako pa cigawo coyamba, ndipo ku mipikisano ya 2017, 2019 ndi 2021 sinapiteko konse. Khamu lija linamwazika ngati mbalame za m'munda wa mapira mwini akakolola. Malaya obiriwira analowa pansi pa sutikesi, ndipo pakamwa pomwe panatuluka nyimbo panayamba kutuluka zotukwana.

Cherani khutu ku malankhulidwe a munthu wotere ndipo mudzamzindikira msanga. Timu ikapambana amati, "Tapambana, tawakwapula." Ikagonja amati, "Anyamata anu aja aluzanso." Mau amodzi okha asintha, koma aulula mtima wonse: pa cikho iye ali mwini, pa cigonjetso ali mlendo. Khalidwe limeneli si la kwathu kuno kokha. Mu 1976 mphunzitsi wina wa ku America, Robert Cialdini, pamodzi ndi anzace anapeza kuti ophunzira a m'masukulu akulu-akulu amabvala malaya a sukulu yao kwambiri timu yao ikapambana, ndi kuti mau akuti "ife" amawacurukira pakamwa pa kupambana kusiyana ndi pa kugonja. Munthu afuna kuotha moto umene anasonkha wina, koma utsi ukamlowa m'maso afulumira kunena kuti nkhuni sanatole ndiye.

Onse anakondwa usiku wa 2012, koma cimwemwe cao sicinali colemera cimodzimodzi. Masiku owerengeka masewera asanacitike, osewera athu anapita m'mbali mwa nyanja pa Libreville nakaponya maluwa m'madzi kukumbukira akulu ao. Kwa munthu amene anaperekeza mabokosi aja mu 1993, mpira wa Sunzu unali kupukuta misozi ya zaka 19. Kwa wobwera dzulo unali usiku wa mowa cabe. Nsima imodzi yomweyo imakoma mosiyana kwa amene wacoka ku munda ndi kwa amene waswera pa mkeka.

Mighty wa ku Shinde

Amene afuna kuona kukhulupirika ndi maso ace apite ku Mufulira. Timu ya Mufulira Wanderers, imene anthu anaicha Mighty, inatenga cikho ca ligi ya dziko lino kasanu pakati pa 1963 ndi 1969, nicitenganso mu 1976, 1978, 1995 ndi 1996. Pa bwalo lace la Shinde panasewera Samuel "Zoom" Ndhlovu, Dickson Makwaza, Ashios Melu, Chabala ndi Kalusha yemwe. M'masiku amenewo kucemerera Mighty sikunali nchito yolemetsa, pakuti ndani akana kutsata mfumu imene iri ndi nkhokwe zodzaza? Koma matimu a ku Migodi anali kudya m'dzanja la migodi. Migodi itagulitsidwa m'caka ca 2000, ndalama za mpira zinacepa, osewera abwino anapita kumene kunali malipiro, ndipo Mighty anayamba kudzandira. Atatsika pa kutha kwa caka ca 2005 anakhala zaka 9 m'gulu la pansi, nabwerera m'gulu la pamwamba mu 2015.

M'zaka zimenezo mphepo inapeta anthu monga mai apeta mphale. Gaga anauluka kupita ku matimu amene anali ndi ndalama ndi zikho zatsopano. Otsala anapitabe ku Shinde ndi malaya ao obiriwira ndi oyera, nakaona timu imene inagwedeza dziko ilikulimbana ndi timatimu ta maina osamveka pa mabwalo a fumbi. Kodi anthu awa analikufunanji? Mpira wokoma unali kwina, ndipo iwo anadziwa. Koma akulu anati, "Mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo." Kwa iwo Mighty anali atate ao amene anawanyamula pa phewa kupita nao ku bwalo ali ana, anali mgodi umene unawalera ndi komboni imene anakuliramo. Munthu sasamuka pa mtundu wace cifukwa cakuti m'mudzi mwagwa njala. Ndipo ndinena mosaopa kuti cikhala kuti onse anali a mtima wa gaga, dzina la Mighty likadatsala m'nkhani za okalamba zokha, pakuti palibe munthu angaike ndalama zace pa timu imene ilibe anthu oilira.

Matimu a kutsidya kwa nyanja

Masiku ano nthenda iyi yakula cifukwa ca wailesi ya kanema imene yatibweretsera mpira wa ku Ulaya m'nyumba zathu. Ndinali ndi mnansi wina mu Lusaka amene pa cingwe cace coyanikira zobvala munthu akadatha kuwerenga mbiri yonse ya mpira wa ku England. Poyamba panali malaya ofiira a Manchester United. Roman Abramovich atagula Chelsea mu 2003, timuyo nitenga ligi mu 2005, panaoneka malaya amtambo. Patapita zaka zina, cuma ca ku Abu Dhabi cimene cinalowa mu Manchester City mu 2008 citayamba kubala zikho, panaonekanso malaya ena a mtundu wa thambo la m'mamawa. Tsiku lina ndinamfunsa kuti, "Kodi acimwene, kweni-kweni timu yanu ndi iti?" Iye anaseka nati, "Ine ndikonda mpira wabwino, sindifuna kudwala mtima." Yankho limeneli limveka la nzeru, koma pamene timu yace ya caka cimeneco inatenga cikho, ndinamuona alikukondwa monga munthu akondwera pa ukwati wa anthu osawadziwa: anaimba pang'ono, nayang'ana uku ndi uku, napita kukagona. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada.

Codabwitsa ndi cakuti timu yomweyo ya Manchester City iri ndi anthu ace a mtundu wa ku Shinde. M'nyengo ya 1998 ndi 1999 inali m'gulu lacitatu la mpira wa ku England, koma pa bwalo lace lakale la Maine Road pankasonkhana anthu ngati 28,000 pa masewera alionse. Amenewo ndiwo analima munda umene mnansi wanga anadzamwapo mowa. Cotero dzina la timu silitiuza kanthu za mtima wa woicemerera; pansi pa malaya amodzi pangakhale mwini munda ndi wodzamwa.

Sindinena kuti munthu wa kuno sangakhale wokhulupirika kwa timu ya kutali. Alipo a ku Chipata ndi ku Katete amene anadikira Liverpool zaka 30, kucokera 1990 kufikira 2020, osaona cikho ca ligi, anzao alikuwaseka caka ndi caka. Amenewo ndiwapatsa ulemu wao. Koma ngakhale iwo ndiri nao ndi mau. Liverpool sadziwa kuti ku Katete kuli munthu wosagona tulo cifukwa ca iye, ndipo munthuyo akaleka, Liverpool sadzacepa ndi kanthu. Koma timu ya pa boma pao, imene osewera ace amabwerekana nsapato, ikadamva kulemera kwa kwaca imodzi yolipidwa pa cipata. Ncomvetsa cisoni kuona pa Ciweru masana nyumba ya mowa yodzaza ndi anthu openya kanema, pamene pa bwalo la pafupi pomwepo ana a m'mudzi momwemo alikusewera pamaso pa mipando yopanda anthu. Tiiwala msanga kuti mu 1990 Nkana anafika pa masewera omaliza a cikho ca akatswiri a mu Afrika, ndi kuti mu 1991 Power Dynamos anabwera naco cikho ca Afrika ku Kitwe. Anyamata amene anacita zimenezo anakulira pamaso pa makamu a anthu, ndipo khamu ndilo limaphunzitsa wosewera kulimba mtima.

Palinso mtundu wina watsopano umene wabadwa ndi juga ya pa mpira. Munthu wobecha alibe timu konse. Lero apempherera iyi, mawa aitemberera, monga mwa kapepala kamene kali m'thumba mwace. Za iye sindidzanena zambiri, pakuti iye salikupenya mpira koma ndalama zace.

Cimbuya ca pa bwalo

Pali cinthu cina cokoma cimene wotsata mphepo sadzacilawa. Ife a kum'mawa tiri ndi cimbuya ndi Abemba: timanyozana za mbewa ndi za anyani, timapakana ufa pa maliro, koma tsoka likagwa mbuya ndiye amathamanga kudzagwira nchito. Cipongwe cimeneci cimakoma cifukwa yense wa ife ali ndi kwao kumene sangakukane. Momwemonso wa Nkana ku Wusakile ndi wa Power Dynamos, kapena wa Mighty ndi wa Kabwe Warriors, amasekana moyo wao wonse, ndipo wogonja amapirira cipongwe ca pa Lolemba podziwa kuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ubwenzi wambiri wa ku Migodi unamangidwa pa kunyozana kotere. Koma wosintha-sintha udzamseka bwanji? Ukamfuna pa Lolemba upeza wasamuka kale, ali m'gulu la opambana. Iye ayesa kuti wacenjera pothawa manyazi, koma wadzicotsa yekha pa cibale, pakuti amene sasekedwa alibenso mphamvu ya kuseka anzace. Mapanga awiri abvumbwitsa.

Mau a mbali ina

Tsono kuti mlandu uweruzidwe bwino, tiyenera kumva ndi mbali inayo. Woyamba adzati, "Kodi inu okhulupirika munayamba bwanji? Simunakonde Mighty kapena Nkana cifukwa anali kupambana muli ana?" Mau awa ngoona. Ambiri a ife tinakopedwa ndi cikho, kapena ndi miyendo ya Ucar Chitalu, kapena ndi mau a Dennis Liwewe pa wailesi. Palibe munthu anabadwa ndi malaya a timu. Cifukwa cace kusiyana kwa mitundu iwiriyi sitikufuna pa khomo lolowera. Tikupeza pa tsiku la tsoka. Wobwera pa mowa amene caka ca mawa adzabwera ndi khasu wasanduka mwini munda. Pamene Barbra Banda anamwetsa zigoli zitatu-zitatu pa masewera awiri otsatana ku Japan mu 2021, anthu ambiri amene kale ankaseka mpira wa akazi anayamba kucemerera Copper Queens. Kodi tiwapitikitse cifukwa anacedwa? Iai. Tiwalandire, ndipo tidzawaweruza pa caka cimene atsikanawo adzabwera manja ali m'khosi.

Waciwiri adzati, "Moyo uli ndi mabvuto okwanira, ndidziwonjezerenji cisoni ca mpira?" Amene anena cotero ali ndi ufulu wace, ndipo munthu wokonda kuona mpira wokoma popanda timu sacimwa. Cimene ndimpempha ncakuti anene zoona. Asabvale malaya a eni ace, asati "ife" pa tsiku la cikho, ndipo asatukwane anyamata amene iye sanawalirepo.

Ndiponso okhulupirika ali ndi zolakwa zao, ndipo ndikazibisa ndidzakhala mboni yonama. Ena a iwo asandutsa kukhulupirika kukhala kunyada. Mwana akafika pa bwalo tsiku loyamba amamfunsa maina a osewera a 1978, ndipo akalephera amamcita cipongwe kufikira mwanayo sabweranso. Kenaka iwo omwe adandaula kuti mabwalo ali opanda anthu. Aiwala kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Ena ayesa kuti kukonda timu ndiko kuponya miyala, kuthamangitsa woimbira ndi kuswa magalasi a galimoto la alendo. Amenewa aononga cimene anena kuti acikonda, pakuti timu ndiyo imalipa mlandu, ndipo amai ndi ana amaopa kubwera ku bwalo. Enanso akhala cete pamene akulu a timu alikudya ndalama ndi kumana osewera malipiro, nati kudzudzula ndiko kupanduka. Kumeneko ndi kugona, si kukhulupirika. Mbale weni-weni amadzudzula mbale wace ali m'nyumba momwemo, ndipo akatha kudzudzula sasamuka. Wokhulupirika ndiye ali ndi mphamvu ya kufunsa za ndalama za pa cipata, popeza zina mwa izo zinacoka m'thumba lace.

Cimene tiphunzitsa ana

Kumene nkhani iyi indikhudza koposa ndi kwa ana. Mwana amene aona atate wace alikusintha malaya caka ndi caka aphunzira kuti cinthu cimakondedwa pokhapo cikamapindulitsa, ndi kuti wogwa ngwoyenera kumthawa. Phunziro limeneli silitsala pa bwalo. Adzalikumbuka mkazi wace akadwala nthenda yaitali, bwenzi lace likacotsedwa nchito, kapena makolo ace akakalamba. Koma mwana amene anayenda ndi atate wace kucokera ku bwalo, timu itagonja 3 kwa 0, namva atate alikunena kuti, "Ciweru ca mawa tidzabweranso," waphunzira kanthu kamene sikalembedwa m'buku la sukulu: kuti kugonja sikupha munthu, ndi kuti malo ako ndi malo ako.

Cotero, owerenga, musadzifunse kuti munayamba liti kucemerera timu yanu, kapena ngati mudziwa maina onse a osewera akale. Dzifunseni kuti pa tsiku limene inagonja moipa koposa munali kuti, ndipo m'mawa mwace munabvala ciani. Ngati mulibe timu, sankhani imodzi, makamaka ya pafupi ndi kwanu imene ingamve mau anu ndi kwaca yanu. Pitani nalo khasu mame asanaume. Kapena mudzalima zaka zambiri osaona mtsuko, monga analima a ku Shinde; koma tsiku limene mowa udzatuluka, palibe amene adzakufunsani kuti, "Kodi inu mwabwera ndi yani?"